Desmond Clark, katswiri yemwe adawerenga matanthwe a ku Dedza

Kumpoto kwa boma la Dedza kuli phanga lotchedwa Mwana wa Chentcherere, lomwe makoma ake ali ndi zithunzi zofiira ndi zoyera zomwe makolo adajambula. M'chaka cha 1972 padafika bambo wina wa ku Britain pamodzi ndi ophunzira ake, nayamba kukumba pansi pa phangalo pang'onopang'ono, akusefa dothi ngati mayi wosefa ufa. Bamboyo adali John Desmond Clark, mmodzi mwa akadaulo otchuka pa kafukufuku wa mbiri yamakedzana ya mu Africa.

Clark adabadwira mumzinda wa London pa 10 Epulo 1916 ndipo adachita maphunziro ake ku yunivesite ya Cambridge. Pofika 1938 adali ali ku Livingstone, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, monga mkulu woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Rhodes-Livingstone. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamutengera ku Ethiopia ndi Somalia, komwe adagwiritsa ntchito nthawi yopuma kutola zida zamiyala. Zomwe adapeza kumeneko zidabala buku lake la mu 1954 lonena za anthu akale a m'chigawocho.

M'chaka cha 1953 adayamba kufukula pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, malo omwe mpaka lero akudabwitsa asayansi. Adasamukira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1961, koma mtima wake sudachoke ku Africa. Pakati pa zaka za m'ma 1960 adafufuza ku Karonga, komwe gulu lake lidapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala m'mudzi wa Mwanganda.

Ku Chentcherere, Clark adafukula tizida tamiyala, mafupa a nyama ndi mapale. Zinthuzi zidaonetsa kuti alenje akale adapitiriza kukhala m'mapiri a Dedza ngakhale alimi odziwa kusula chitsulo atafika kale m'deralo. Lipoti lake lidatuluka mu 1973 m'magazini ya Society of Malawi. Akatswiri a pambuyo pake adasiyanitsa bwino mitundu ya zithunzizi: zofiira amati n'za Akafula, pomwe zoyera n'za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Amalawi awiri, Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi, adatenga madigiri awo apamwamba ku Berkeley komweko, ndipo wa Mgomezulu, wa mu 1978, udali wokhudza dera la Linthipe ndi Chongoni.

M'masiku a Clark ntchito yonse idadalira diso ndi dzanja la munthu. Mkazi wake, Betty, ndiye adajambula pamanja zida zambiri zomwe zili m'mabuku ake. Lero ntchito yotere ikuthandizidwa ndi mapulogalamu a kompyuta otchedwa convolutional neural networks. Pulogalamu yotere imayang'ana chithunzi tizigawotizigawo. Poyamba imazindikira timizere ndi malire a mitundu, kenako imalumikiza timizereto kukhala madontho, mabwalo ndi maonekedwe athunthu. Imaphunzira poonetsedwa zithunzi zambiri zomwe munthu adazipatsa kale mayina, n'kumadzikonza nthawi iliyonse ikalakwitsa.

Yann LeCun adaonetsa mu 1989 kuti njirayi ikhoza kuwerenga manambala olembedwa pamanja, ndipo mu 2012 pulogalamu ya AlexNet idapambana mpikisano waukulu wozindikira zithunzi. Kuchokera apo njirayi yalowa m'zachipatala, m'zakuthambo ndi m'zaulimi. Ku Australia, ofufuza a yunivesite ya Flinders adaigwiritsa ntchito poyerekeza masitayilo a zithunzi za m'matanthwe a ku Arnhem Land, mogwirizana ndi eni nthaka a kumeneko.

Kwa ife nkhaniyi si yakutali. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zithunzi zotere, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mvula, utsi ndi anthu olemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zithunzi zikuwononga chumachi. Kompyuta ikhoza kuthandiza kusanja zithunzi zochuluka komanso kuonetsa pomwe utoto ukufufutika. Komabe siingadziwe tanthauzo la chithunzi cha chinamwali, chifukwa tanthauzolo lili ndi anamkungwi. Siingaphunzirenso kanthu ngati palibe munthu wolemba mosamala malo, mtundu ndi msinkhu wa chilichonse chopezeka, monga momwe Clark ankachitira.

Clark adapuma pa ntchito yophunzitsa mu 1986 koma adapitiriza kufufuza ku Ethiopia kufikira ukalamba wake. Adamwalira ku Oakland, m'chigawo cha California, pa 14 Febuluwale 2002, ali ndi zaka 85, ndipo Betty adamutsatira m'chaka chomwecho. Patangodutsa zaka zinayi, matanthwe omwe iye adakumba pansi pake adazindikirika ndi dziko lonse. Kuwasunga kuti adzukulu athu adzawaone ndi maso awo ndi udindo womwe watsalira Amalawi.