Jim Clark, Mlimi wa Nkhosa Amene Ankasunga Matayala

Anthu ambiri akamva za mpikisano wa magalimoto amaganiza kuti wopambana ndi uja amene ali ndi injini yamphamvu koposa, kapena uja amene sadziwa mantha. Moyo wa Jim Clark, mbadwa ya ku Scotland amene adakhala katswiri wa dziko lonse pa mipikisano ya Formula One m'zaka za 1963 ndi 1965, ukutiloza kwina. Ukutiloza pansi penipeni pa galimoto, pamalo anayi pamene matayala amakhudza msewu. M'masiku a Clark, malo alionse mwa anayiwo kukula kwake kudali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo luso lake lonse lidagona pa kudziwa zimene zinkachitika pamenepo.

Clark adabadwa pa 4 Malichi 1936 m'mudzi wa Kilmany, m'chigawo cha Fife. Adali chitsirizira mwa ana asanu, komanso mwamuna yekhayo pakati pa alongo anayi. M'chaka cha 1942 banjalo lidasamukira kufamu ya Edington Mains, kufupi ndi mudzi wa Chirnside, kumene bambo ake ankaweta nkhosa ndi kulima. Adaphunzira pasukulu ya Loretto ku Musselburgh, koma adasiya ali ndi zaka 16 kuti akathandize kufamu. Makolo ake sadafune kumva za mipikisano, ndipo sitingawadzudzule. Mwana wamwamuna adali mmodzi yekha. Akadzaphedwa ndi galimoto, famu akadasiyira yani?

Amene adamkopa ndi bwenzi lake Ian Scott-Watson, mwini galimoto yaing'ono ya mtundu wa DKW. Mu Juni 1956, pabwalo la Crimond, Clark adayesa galimotoyo ndipo atangozungulira kangapo adayamba kuposa nthawi ya mwiniwakeyo ndi masekondi atatu. Pofika 1958 ankayendetsa galimoto yaliwiro ya Jaguar D-type ya gulu la Border Reivers. Chaka chomwecho adapita koyamba kubwalo la Spa ku Belgium, ndipo mumpikisano umene iye adalimo, Archie Scott Brown, mnzake wa ku Scotland, adachita ngozi napsa ndi moto mpaka kumwalira. Kuyambira pamenepo Clark adadana nalo bwalo la Spa moyo wake wonse, ngakhale kuti pambuyo pake adapambanapo zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1962 kufikira 1965. Pa 26 Disembala 1958, ku Brands Hatch, adapikisana ndi Colin Chapman, mwini kampani ya Lotus, onse awiri ali m'magalimoto a Lotus Elite. Chapman adapambana, Clark adatsatira, koma mwini kampaniyo sadamuiwale mnyamata wa kufamuyo. Mu 1960 adamulemba ntchito, ndipo mu Formula One Clark sadayendetserepo gulu lina kufikira imfa yake.

Tsono kuti awerengi amvetse chimene Chapman adaona, tiyenera kuima pang'ono ndi kukamba za mphira. Aliyense amene adagwirapo tayala la basi itangoima pambuyo pa ulendo wautali akudziwa kuti limatentha. Kutenthako kumachokera ku zinthu ziwiri. Choyamba, tayala likamazungulira, mbali imene yafika pansi imapindika, kenaka nkuwongokanso, ndipo kupindikapindika kotere kumabala kutentha monga momwe waya amatenthera tikamamupinda kawirikawiri. Chachiwiri, pokhota ndi poima mphira imakhulana ndi msewu. Mphira ikazizira imauma, ndipo imangoyenda pamwamba pa timiyala ta msewu osatigwira. Ikafunda imafewa nilowa m'timipata ta pakati pa timiyalato, ndipo apo ndi pamene timati tayala likugwira msewu. Koma ikatenthetsa imachita ngati phula la njuchi losiyidwa padzuwa: imayamba kuterera, imatuluka matuza, nkumanyotsoka. Mpweya wa m'kati nawo ukatentha umafufuma, tayala limatupa pakati, ndipo malo ogwira msewu aja amachepa. Choncho pakati pa kuzizira ndi kutenthetsa pali kampata kochepa kamene tayala limagwira bwino ntchito. Pa matayala a mipikisano a masiku ano kampatako kali pafupi ndi kutentha kwa madzi owira.

Palinso china chimene ophunzira a sayansi achione bwino. Mphamvu yogwirira msewu imene tayala lili nayo ndi imodzi yokha, ndipo iyenera kugawidwa. Ikathera pa kuimitsa galimoto, yokhotera siitsala; ikathera pa kukhota, yothamangira siitsala. Woyendetsa waphuma, amene amaponda buleki mwadzidzidzi, nakhotetsa chiwongolero mokoka, napondanso moto galimoto isanawongoke, amapempha tayala zimene silingathe kupereka. Tayalalo limatsetsereka, kutsetsereka kumawonjezera kutentha, ndipo kutenthako kumawonjezeranso kutsetsereka. Eni magalimoto aliwiro amene amalipira kuti akayese magalimoto awo pamabwalo a mipikisano amakumana nazo zimenezi: maulendo oyamba ozungulira bwalo galimoto imamvera bwino, kenaka imayamba kukana kukhota, mabuleki nawo nkuyamba kufooka, pakuti buleki ntchito yake ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Ambiri amaloza chala galimoto, chikhalirecho vuto lili m'manja ndi m'mapazi mwawo.

Clark ankayendetsa mosiyana ndi zimenezi. Ankayamba kuponda buleki mofewa, nkumaimasula pang'onopang'ono pamene akukhotetsa chiwongolero, kotero kuti kulemera kwa galimoto kunkasuntha mwaulemu kuchoka kutsogolo kupita m'mbali, kenaka kumbuyo. Oonerera ankaganiza kuti sakuthamanga kwenikweni, chifukwa galimoto yake sinkagwedezeka kapena kulira matayala monga za anzake. Ndi wotchi yokha imene inkawatsutsa. Amakaniko a Lotus ankachitira umboni kuti mabuleki ake, magiya ake ndi matayala ake zinkatha mochedwa kuposa za wina aliyense amene adayendetsa galimoto yofanana nayo. Mwa iwo ndi mmene mudachokera mbiri yotchuka ya chaka cha 1963, yakuti adapambana mipikisano inayi yotsatizana, ku Belgium, ku Netherlands, ku France ndi ku Britain, pa matayala amodzimodzi a Dunlop. Apa tinene chilungamo: matayala a nthawi imeneyo adali owonda, a mphira yolimba, okhala ndi mizere, ndipo sangafanizidwe ndi matayala osalala ndi ofewa amene adalowa mu Formula One mu 1971. Komabe anzake adali ndi matayala a mtundu womwewo, ndipo iye ndiye adapambana mipikisano 7 mwa mipikisano 10 ya chaka chimenecho. Ku Spa, mvula ikukhuthuka, adasiya Bruce McLaren amene adali wachiwiri ndi mphindi pafupifupi zisanu. Mvula imaziziritsa tayala ndi kulilekanitsa ndi msewu, motero imaulula msanga amene ali ndi phazi lolemera.

Galimoto imene adachitira zimenezi idali Lotus 25, imene Chapman adaipanga mu 1962. M'malo molumikiza mapaipi achitsulo monga ankachitira ena onse, adapinda malata a aluminiyamu nkupanga thupi longa bwato, woyendetsa nkukhalamo chogona chagada. Thupi lotere lidali lopepuka komanso losapindika, choncho matayala ankakhala chilili pamsewu monga mmisiri adafunira. Koma Chapman ankakonda kupeputsa chilichonse kufikira pamalire, ndipo magalimoto ake ankathyoka kawirikawiri. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Pa 29 Disembala 1962, ku East London m'dziko la South Africa, Clark adali patsogolo ndipo ukatswiri wa dziko lonse udali m'manja mwake, pamene oyilo adayamba kudontha mu injini. Graham Hill ndiye adatenga ulemuwo. Mu 1964 ku Mexico zidachitikanso chimodzimodzi, mpikisano utatsala pang'ono kutha, ndipo ulendo uno adapindula ndi John Surtees.

Mwina nchifukwa chake mu 1965, ku Silverstone, adachita chinthu chimene ine ndimachiyesa chachikulu kuposa zipambano zake zambiri. Ali patsogolo, adaona kuti oyilo wachepa. Oyilo ndiye amatchinjiriza zitsulo za mu injini kuti zisakhulane ndi kutentha mpaka kugwirana. Pamsewu wowongoka wotsalayo ankakwanira, koma pokhota ankathawira mbali imodzi, pampu nkumakoka mpweya. Clark adayamba kuzimitsa injini polowa m'makona, galimoto nkumangoyenda ndi liwiro limene idali nalo kale, nkuilizanso potuluka. Kukhota wopanda injini kumachotsa chida chimodzi chowongolera galimoto, ndipo zonse zimatsamira pa matayala okha. Hill adamuthamangira ndi mphamvu zake zonse, koma Clark adafika poyamba ndi masekondi atatu. Chaka chomwecho adapambana mpikisano wa Indianapolis 500 ku America, atatsogolera maulendo 190 mwa 200, ndipo aka kadali koyamba kuti galimoto ya injini yakumbuyo ipambane kumeneko.

Kunja kwa galimoto adali munthu wina. Adali wamanyazi, wosakonda kulankhula pagulu, woluma zikhadabo, ndipo anzake ankamuseka kuti sankatha kusankha ngakhale malo okadyera. Adalinso ndi chomulemera mumtima. Pa 10 Sepitembala 1961 ku Monza, galimoto yake idagundana ndi Ferrari ya Wolfgang von Trips, ndipo von Trips adafa pamodzi ndi oonerera 15. Akuluakulu a malamulo a ku Italy adamufunsa mafunso kwa nthawi yaitali, ndipo ngakhale sadamupeze wolakwa, nkhaniyo sadakonde kuikamba.

Pabwalo lomwelo la Monza, mu 1967, tayala lidamuphwera ali patsogolo. Pamene ankalisintha, anzake adamupitirira ndi ulendo wathunthu. Adabwerera, nayamba kuwadutsa mmodzimmodzi mpaka adatsogolanso, koma paulendo womaliza petulo adamuthera ndipo adakhala wachitatu. Pa 1 Januwale 1968, ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg, dzuwa likuswa mtengo, adapambana mpikisano wake wa nambala 25, kuposa 24 ya Juan Manuel Fangio imene idali isanaposedwe. Adali atalowa mipikisano 72 yokha ya Formula One, ndipo mwa imeneyi 33 adaiyambira pamalo oyamba.

Pa 7 Epulo 1968 adali ku Hockenheim, ku Germany, pa mpikisano wocheperako wa Formula Two. M'masiku amenewo akatswiri sankasankha. Ankayendetsa chilichonse chimene gulu lawo lawapatsa. Tsikulo kudazizira ndipo msewu udali wonyowa. Bwalo la Hockenheim la nthawi imeneyo lidali ndi misewu iwiri yaitali yodutsa m'nkhalango, yokhala ndi makona ochepa, ndipo pamalo otere tsiku lozizira tayala limavuta kufunda. Matayala a Firestone amene adali pa Lotus 48 yake sankagwira bwino pamadzi, ndipo makaniko wake Dave Sims adasimba pambuyo pake kuti Clark adamuchenjeza asananyamuke kuti asayembekeze kumuona patsogolo. Zidaterodi, adali wachisanu ndi chitatu. Paulendo wachisanu, pamalo okhota pang'ono chabe kumanja, pamene ngakhale wophunzira sakadalakwitsa, galimotoyo idayamba kupepeluka ikuthamanga makilomita oposa 240 pa ola. Adalimbana nayo kanthawi, koma idatuluka mumsewu nkukawomba mitengo. Pamenepo padalibe mpanda uliwonse wotchinga. Adathyoka khosi ndi chigaza, ndipo adamwalira asanafike kuchipatala, ali ndi zaka 32.

Anzake adakana kukhulupirira kuti adalakwitsa, ndipo zidutswa za galimotoyo zidaperekedwa kwa Peter Jowitt, katswiri wofufuza ngozi za ndege ku Farnborough. Chimene adachiona kuti nchoyandikira choonadi nchakuti tayala lakumbuyo lakumanja lidaboka ndipo linkaphwa pang'onopang'ono. Apa pali chinyengo cha tayala chimene chimapambana luso la munthu. Pamsewu wowongoka, galimoto ikathamanga kwambiri, kuzungulira kwa tayala kumalikankhira kunja, ndipo limaoneka ngati lodzaza ngakhale mpweya watha, monga momwe chingwe chomangirira mwala chimakungikira mwana akamachizunguza. Woyendetsa samva kanthu. Koma atangokhota, mphamvu ya m'mbali imakoka mkombero wa tayalalo nkuuchotsa pa limu, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumataya msewu nthawi imodzi.

Chapman adasweka mtima kotero kuti adalingalira zosiya mipikisano. Graham Hill, amene tsopano adali mnzake wa Clark ku Lotus, ndiye adalimbitsa gululo, ndipo adatenga ukatswiri wa chaka chimenecho. Ku Hockenheim adaika mipanda yachitsulo ndi makona ochepetsa liwiro m'nkhalango muja, ndipo mu 2002 chigawo chonse cha m'nkhalangocho adachifafaniza nkudzalamo mitengo. Clark adaikidwa m'manda a patchalitchi cha Chirnside, kufupi ndi famu ya Edington Mains. Pamwala wa pamanda ake, ntchito imene idalembedwa poyamba ndi ya ulimi, ndipo za ukatswiri wa dziko lonse ndi za Indianapolis zili m'munsi mwake.