William Percival Johnson: wansembe amene anakokera Likoma ku Malawi

Munthu akaima pagombe la Likoma amaona mapiri a Mozambique pafupi kwambiri, pomwe Nkhata Bay ili kutali. Komabe chilumbachi, pamodzi ndi Chizumulu, ndi cha Malawi. Gwero la nkhaniyi ndi William Percival Johnson, wansembe wa mpingo wa Angilikani yemwe anagwira ntchito zaka zoposa 40 akuona movutikira.

Johnson anabadwa mu 1854 pachilumba cha Isle of Wight ku England, naphunzira ku Oxford. Mu 1876 analowa mishoni ya UMCA. Atathamangitsidwa kwa Mfumu Mataka ku Mwembe, anafika kunyanja mu 1882 ndi mnzake Charles Janson, yemwe anamwalira posakhalitsa. Anabwerera kwawo kukapempha sitima yapamadzi, koma akubwera nayo mu 1884 anadwala maso koopsa. Diso limodzi lokha ndilo linatsala likuona pang'ono.

Panthawiyo midzi ya kugombe la kum'mawa inkavutitsidwa ndi nkhondo za Angoni komanso ogula akapolo. N'chifukwa chake amishoni anakhazika likulu lawo pa Likoma mu 1885. Mnzake Chauncy Maples ndiye ankayang'anira pachilumbapo. Johnson ankakhalira m'sitima ija, yomwe anaitcha Charles Janson, kuyendera masukulu a m'midzi ndi kumasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja.

Iye sanali wandale, koma mishoni yake inasanduka umboni wa Britain pokangana ndi Portugal. Pangano la pa 11 June 1891 linapereka gombe loyang'anana ndi Likoma kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizo linazisiya m'manja mwa Angerezi. Pangano lomwelo ndilo linalemba malire a kwa Kanduku ku Mwanza potsata mtunda wogawa madzi a Shire ndi a Zambezi, n'kusiya abale ena kutsidya. Anthu a ku Likoma ndi a ku Mwanza sanakhale nawo pa zokambiranazo, ndipo panalibe anawafunsa.

Mu 1954 Britain ndi Portugal anasuntha malire awo kupita pakati pa nyanja. Kuyambira pamenepo Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Johnson anakhala Archdeacon wa Nyasa mu 1896, ndipo mu 1911 Oxford inamulemekeza ndi digiri yaulemu. Anamwalira mu 1928 ku Liuli, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ndipo anaikidwa komweko. Gombe limeneli ndilo Malawi imati ndi malire ake potsata pangano la Heligoland la mu 1890, pomwe Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja. Mkanganowo unabukanso mu 2012 Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa madziwo.