Michio Nishizawa, Woponya Amene Anasanduka Womenya

Ambiri mwa awerengi athu sawadziwa masewera a baseball, koma ku Japan ndiwo amadzaza mabwalo. M'masewerawa wina amaponya mpira, mnzake naumenya ndi chibonga, ndipo si kawirikawiri munthu mmodzi kutchuka pa ntchito zonse ziwiri. Michio Nishizawa anatero.

Anabadwa ku Tokyo m'chaka cha 1921, nalowa timu ya Nagoya ali mnyamata wa zaka 15. Mu 1940 anapambana masewero 20 monga woponya. Pa 24 May 1942, polimbana ndi timu ya Taiyo, anaponya yekha zigawo 28, pamene masewero wamba amatha pa zigawo 9. Mpira unachoka m'dzanja lake ka 311, ndipo pambuyo pa thukuta lonselo masewero anatha 4-4, popanda wopambana.

Kenaka nkhondo inamtenga. Pobwera kuusilikali phewa lake linali litawonongeka, kotero kuti dzanja limene linamtchukitsa silinathenso kuponya monga kale. Wina akadangobwerera kwawo. Iye anasamukira ku timu ya Gold Star, natenga chibonga, nayamba kuphunzira ntchito yatsopano ali wamkulu kale.

Mu 1949 anabwerera ku timu yake yakale, imene inali itatchedwa Chunichi Dragons. Mu 1950 anamenya mpira kuulumphitsa mpanda wa bwalo ka 46. Mu 1952 anaposa omenya onse a mu Central League. Ndipo mu 1954 timuyo inatenga ukatswiri wa Japan yense. Analeka kusewera mu 1958, namwalira mu 1977. Nambala 15 imene ankavala, a Dragons saipatsanso munthu wina.