Isaac Newton: katswiri amene kupambana sikunamukhutitse

Aliyense amene anafikako ku sekondale anakumanapo ndi dzina la Isaac Newton. Tinaloweza malamulo ake atatu ofotokoza kayendedwe ka zinthu, ndipo aphunzitsi anatisimbira za chipatso cha apulo chimene chinagwa mumtengo iye akuona, n'kuyamba kudzifunsa chimene chimakokera zinthu pansi. Zimene sitinauzidwe m'kalasi n'zakuti munthu ameneyu, yemwe dziko lonse limatamanda nzeru zake kufikira lero, anakhala zaka zambiri ndi mtima wosadziwa mpumulo. Lero tiyeni tione moyo wake, pakuti muli phunziro lotikhudza tonse, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Newton anabadwa pa 25 Disembala 1642, malinga ndi kalendala imene inkagwiritsidwa ntchito ku England masiku amenewo, m'mudzi wa Woolsthorpe m'chigawo cha Lincolnshire. Bambo ake, omwe anali mlimi wopeza bwino koma wosadziwa kulemba, anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Khandalo linabadwa masiku osakwana, lili laling'ono kwambiri kotero kuti a pabanja sanayembekezere kuti likhala ndi moyo. Atakwanitsa zaka zitatu, mayi ake, a Hannah, anakwatiwa ndi mbusa wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo wa North Witham, dzina lake Barnabas Smith. Mayiwo anatsatira mwamuna, mwana n'kutsala m'manja mwa agogo ake aakazi. Kwa zaka 7 mnyamatayo anakula akudziwa kuti mayi ake ali pafupi, akulera ana ena, koma iye alibe malo m'nyumba imeneyo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbusa amene ankaima pa gome Lamulungu lililonse sanathe kulandira mwana wamasiye mmodzi pakhomo pake. Mayiwo anabwerera kumudzi mu 1653, mbusayo atamwalira, ali ndi ana ena atatu.

Ali ndi zaka 12 anatumizidwa ku sukulu ya m'tauni ya Grantham, komwe poyamba anali mmodzi wa otsalira m'kalasi. John Conduitt, amene anakwatira mwana wa mlongo wake wa Newton, ndiye analemba zimene zinamusintha. Tsiku lina mnyamata wina amene ankakhoza bwino kuposa iye anamumenya theche m'mimba. Ataweruka, Newton anamuitanira pabwalo la tchalitchi, ndipo ngakhale anali wochepa thupi, anamugonjetsa. Koma sanakhutire. Anatsimikiza mtima kuti amupitirirenso m'kalasi, ndipo analimbikira mpaka anakhala woyamba pasukulu yonse. Apa ndi pamene tikuonera moto umene unayaka m'moyo wake wonse, moto wofuna kukhala pamwamba pa aliyense amene wamuchepetsa.

Mu 1659 mayi ake anamuchotsa pasukulu kuti aziyang'anira munda ndi ziweto, koma ntchitoyo inamukanika. Ziweto zinkalowa m'minda ya anthu iye ali ndi buku m'manja. Mphunzitsi wamkulu, Henry Stokes, pamodzi ndi malume ake anachonderera kuti abwerere kusukulu, ndipo mu 1661 analowa ku Trinity College ya pa yunivesite ya Cambridge. Ngakhale mayi ake anali ndi chuma chokwanira, iye analembedwa m'gulu la ophunzira osauka amene ankalipira maphunziro awo potumikira ena, kuwaperekera chakudya ndi kutumidwa uku ndi uku. Mwana amene anasiyidwa kwa agogo uja tsopano anali wotumikira ana a anthu olemera.

Chaka chotsatira, ali ndi zaka 19, analemba mndandanda wa machimo ake m'kabuku kamene kakusungidwa ku Fitzwilliam Museum mumzinda wa Cambridge. Analemba m'zilembo zachidule kuti ena asathe kuwerenga. Ena mwa machimowo ndi aang'ono, monga kupanga msampha wa makoswe pa tsiku la Ambuye. Koma pakati pawo muli lakuti nthawi ina anaopseza mayi ake ndi bambo ake omupeza kuti adzawatenthera m'nyumba, ndiponso lakuti ankafunira anthu ena imfa. Mbusa Smith anali atagona m'manda zaka 9, koma bala linali lisanapole.

Mu 1665 mliri woopsa unabuka ku England, yunivesite inatsekedwa, ndipo Newton anabwerera ku Woolsthorpe. M'zaka zosakwana ziwiri zimene anakhala kumudziko anayala maziko a masamu otchedwa calculus, anapeza kuti m'kuwala koyera kwa dzuwa muli mitundu yonse imene timaiona mu utawaleza, ndipo anayamba kuganiza kuti mphamvu imene imagwetsa chipatso pansi ndi yomweyo imene imasunga mwezi panjira yake. Zonsezi anazichita asanakwanitse zaka 25. Mu 1669, ali ndi zaka 26, anapatsidwa udindo wa pulofesa wa masamu pa Cambridge. Mphatso imene Mlengi anaika mwa iye inali yosowa, ndipo palibe angaikane.

Tikadayembekezera kuti munthu wotere akhala wodekha, wosaopa kutsutsidwa, koma sizinatero. Mu 1672 anatumiza ku bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society kalata yofotokoza zimene anapeza pa za kuwala. Robert Hooke, katswiri wodziwika wa bungwelo, anatsutsa mfundo zina. Kutsutsana n'chizolowezi pakati pa anthu ophunzira, koma kwa Newton kunali ngati theche la ku Grantham lija. Anaopseza kuti atuluka m'bungwelo, ndipo kwa zaka zambiri anadzipatula, osafuna kusindikiza zimene ankapeza. Mu 1684 Edmond Halley anamuchonderera kuti alembe za kayendedwe ka mapulaneti, ndipo pempholi ndi limene linabala buku lotchuka la Principia la mu 1687, limene Halley analisindikiza ndi ndalama zake. Pamene bukulo linkalembedwa, Hooke anapempha kuti atchulidwemo chifukwa cha maganizo amene anapatsa Newton m'makalata a mu 1679 ndi 1680. Hooke anali wokonda mikangano ndipo ankakokomeza zimene anachita, komabe pa mfundo imeneyi anali ndi mbali yake. Newton anapsa mtima, anaopseza kuti sapereka gawo lachitatu la bukulo, ndipo anafufuta dzina la Hooke m'malo angapo. Buku lake lonena za kuwala, lotchedwa Opticks, analisunga mpaka 1704, patatha chaka Hooke atamwalira.

Mtima wosenza zoterezi umatopa. Mu 1693 Newton anakhala masiku ambiri osagona, ndipo maganizo ake anasokonezeka. Analembera anzake, Samuel Pepys ndi John Locke, makalata odabwitsa. Anaulula kwa Locke kuti ankamuganizira zoipa zimene sanachite, ndiponso kuti atamva zoti akudwala, anamufunira imfa. Anapempha chikhululukiro, ndipo Locke anamuyankha mokoma mtima. Zimenezi zikutionetsa kuti chikumbumtima chake chinali chamoyo. Ndi iye yemweyo amene mu 1679 anapita kukadwazika mayi ake aja kufikira atatsirizika, akuwakonzera mankhwala ndi manja ake.

Mu 1696 anasamukira ku London kukagwira ntchito ku Royal Mint, kosulira ndalama za boma, ndipo mu 1699 anakhala mkulu wa malowo. Mu 1703 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Royal Society, mpando umene anakhalapo mpaka imfa yake, ndipo mu 1705 Mfumukazi Anne inamupatsa ulemu womatchedwa Sir. Anali ndi ndalama, udindo ndi dzina. Panalibenso womumenya theche. Komabe ndi pa nthawi imeneyi pamene anachita zinthu zochititsa manyazi koposa, popeza tsopano mkwiyo wake unali ndi mpando wokhalapo.

John Flamsteed, katswiri wa nyenyezi wa ku Greenwich, anathera zaka zoposa 30 akuyeza malo a nyenyezi kumwamba, ndipo sankafuna kutulutsa ntchito yake isanathe. Newton ankafuna ziwerengerozo, choncho anagwiritsa ntchito udindo wake kuti zisindikizidwe mu 1712 mwini wake asanavomereze. Chaka chotsatira, pamene Principia inkasindikizidwa kachiwiri, anachotsamo dzina la Flamsteed m'malo ambiri. Pambuyo pake Flamsteed anapeza mabuku 300 mwa 400 amene anasindikizidwa popanda chilolezo chake aja, n'kuwatentha.

Mkangano waukulu koposa unali wa iye ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany. Newton anapeza masamu a calculus choyamba, koma anawabisa poopa kutsutsidwa. Leibniz anawapeza payekha patapita zaka pafupifupi 10, n'kuwasindikiza mu 1684. Otsatira a Newton atayamba kunena Leibniz kuti ndi wakuba, iye anakadandaula ku Royal Society. Mu 1712 bungwelo linakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyo, koma chigamulo cha komitiyo anachilemba Newton mwini, amene anali mmodzi wa okanganawo. Mu 1715 analembanso nkhani yoikira kumbuyo chigamulocho, osaikapo dzina lake. Leibniz anamwalira mu 1716, komabe mkwiyo wa Newton sunazilale. Pamene Principia inkasindikizidwa kachitatu mu 1726, anachotsamo mawu amene kale anavomereza nawo kuti Leibniz anapeza njirayo payekha. Lero akatswiri a mbiri amagwirizana kuti aliyense mwa awiriwa anapeza masamuwa payekha, ndipo zizindikiro zimene ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito ndi za Leibniz. Akatswiri a masamu a ku England, pokakamira zizindikiro za Newton chifukwa cha mkanganowu, anatsalira m'mbuyo kwa zaka pafupifupi 100. Nsanje ya munthu mmodzi waudindo imalipiridwa ndi anthu ambiri.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu ankawerenga Baibulo mwakhama kuposa ambiri a ife. Zolemba zimene anasiya pa nkhani za chipembedzo n'zochuluka kuposa za sayansi, ndipo buku lake lofotokoza maulosi a Danieli ndi Chivumbulutso linatuluka mu 1733 iye atamwalira kale. Mwamseri ankakana chiphunzitso cha Utatu Woyera, ndipo anabisa zimenezi moyo wake wonse. Anali wopatsa, ankathandiza achibale ndi osowa. Atatsala pang'ono kumwalira, akuti anadziyerekeza ndi kamwana kotola timiyala m'mbali mwa nyanja yaikulu imene sikanaifufuze. Pamaso pa chilengedwe ankadziwa kudzichepetsa, koma pamaso pa Hooke, Flamsteed ndi Leibniz zinamukanika. Ifenso timadziwa kugwada m'tchalitchi n'kudzitcha fumbi, koma mnzathu akayamikiridwa ife tili pomwepo, nkhope imagwa.

Newton anamwalira pa 20 Malichi 1727 ali ndi zaka 84, asanakwatirepo, ndipo anaikidwa m'manda mwaulemu waukulu ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu.

Moyo wake ukutikumbutsa Mfumu Sauli. Pa 1 Samueli 10 timawerenga kuti tsiku lomulonga ufumu anakabisala pakati pa katundu, ndipo pa mutu 15 Samueli anamukumbutsa kuti poyamba ankadziona wochepa. Kudziona wochepa kumeneko sikunachoke atavala chisoti chaufumu. Pa mutu 18, amayi atatamanda Davide koposa iye, Sauli anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa, ndipo anataya zaka zambiri za ufumu wake akusakasaka mnyamata amene sanamulakwire. Yohane Mbatizi anayenda njira ina. Pa Yohane 3, ophunzira ake atadandaula kuti anthu akukhamukira kwa Yesu, iye anakondwera, chifukwa ankadziwa kuti chilichonse chimene munthu ali nacho ndi chopatsidwa kuchokera kumwamba. Munthu wodziwa kuti analandira chabe sachita mantha mnzake akalandiranso.

Mpikisano ukhoza kumukweza munthu kuchoka kumapeto kwa kalasi n'kumuika patsogolo, monga unachitira ndi Newton. Koma sungachize mwana amene anasiyidwa, chifukwa chimene mwanayo akufuna ndi kudziwa kuti ndi wofunika ngakhale asanapambane chilichonse. Uthenga Wabwino umatiuza kuti Mulungu anatikonda tisanachite chabwino chilichonse. Amene wakhulupirira zimenezi mumtima akhoza kudzudzulidwa osasweka, ndipo akhoza kutchula dzina la amene anamuthandiza osaona ngati wataya kanthu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wa Newton.

Tsono tiyeni tidzifunse moona mtima. Kukwaya, kuntchito, pa chisankho cha akulu a mpingo, ngakhale pakati pa abale a bere limodzi, ndani amene dzina lake likatchulidwa mtima wathu umawawa? Ndani amene anatithandiza koma tinafufuta dzina lake pofotokoza za kupambana kwathu? Ndipo ife makolo, amene timakonda kuuza ana athu kuti aone mwana wa uje m'mene akukhozera, tikuyatsa moto wanji m'mitima yawo? Ngati pakhomo pathu pali mwana womupeza, kapena tinasiya mwana kwa agogo ake kumudzi pamene tinkalowa m'banja latsopano, tisadikire kuti adzakule n'kudzalemba mkwiyo wake m'kabuku kobisika. Tipite tikamuone, timuuze kuti ali ndi malo pakati pathu. Ambuye atichize mabala a ubwana wathu, ndipo atiphunzitse kukondwera ndi mphatso za anzathu.