Samuel Josia Nthara (1905–1976): Mphunzitsi Amene Anasunga Mawu a Makolo

Pamwambo uno tikukumbukira a Samuel Josia Nthara, amene anabadwa m'chaka cha 1905 m'banja la mphunzitsi. Iwonso anasulidwa uphunzitsi pa Mishoni ya Nkhoma. M'masiku amenewo mabuku a Chinyanja anali owerengeka, ndipo ambiri anali a tchalitchi ndi a sukulu, olembedwa ndi azungu.

A Nthara anaona kuti moyo wa munthu wamba wa kumudzi ndi woyeneranso kulembedwa. Motero anapeka nkhani ya Nthondo, kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wosamva, ulendo wake wokafuna ntchito, kufikira ufumu ndi imfa yake. Bukuli linapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira M'busa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, nalitcha Man of Africa.

Pozindikira kuti nkhalamba ikamwalira imapita ndi zonse zimene idziwa, a Nthara anakhala pansi ndi akuluakulu, kufunsa ndi kulemba. Khama limenelo linabala Mbiri ya Achewa, komanso Msyamboza (1949), mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi, m'mapiri athu a Dowa. Pambuyo pake analembanso za moyo wa M'busa Namon Katengeza.

Anatisiya mu 1976. Akadapanda kugwira cholembera, zambiri zimene tikunyadira lero zikadakwiriridwa pamodzi ndi eni ake. Tikabwerera kwathu, tiwafunefune mabukuwa, tiwawerengere ana athu, ndipo agogo amene akali moyo tiwafunse dzuwa lisanalowe.