Lord Salisbury: Mwini Ndevu Amene Anadula Malire Athu

Pakati pa zithunzi zakale za andale a ku Britain zimene zimasungidwa ku National Portrait Gallery mumzinda wa London, pali nkhope imodzi yovuta kuiiwala. Ndi bambo wathupi lalikulu, wadazi, wandevu zofika pachifuwa, atavala jekete lakuda, maso ake ngati a munthu wotopa. Ameneyu ndi Robert Gascoyne-Cecil, wodziwika ndi dzina laulemu la Lord Salisbury. Sanapondepo dothi la Malawi, koma malire a dziko lino anagamulidwa iye ali pampando.

Anabadwa pa 3 February 1830 ku Hatfield House, nyumba yaikulu ya banja lawo. Ngakhale anali mwana wa anthu olemera, ubwana wake sunali wokoma. Kusukulu ya Eton anzake ankamuzunza kwambiri moti anachokako ali ndi zaka 15. Atamaliza maphunziro ku Oxford, anayenda ku South Africa, Australia ndi New Zealand kuti thanzi lake libwerere, ndipo mu 1853 analowa m'nyumba ya malamulo. Mu 1857 anakwatira Georgina Alderson bambo ake asakufuna, chifukwa mkaziyo sanali wa kubanja lachuma. Kwa zaka zingapo ankadyetsa banja lake polemba nkhani m'magazini. Mkulu wake atamwalira mu 1865, kenako bambo ake mu 1868, dzina ndi chuma chonse zinagwera iye.

Anakhala nduna yaikulu ya Britain katatu: 1885 mpaka 1886, 1886 mpaka 1892, ndi 1895 mpaka 1902. Zaka zambiri mwa zimenezi ankagwiranso yekha unduna woona za maiko akunja, ndipo apa ndi pamene mbiri yake ikukumana ndi yathu.

Mu 1889 Apwitikizi ankafuna kulumikiza Angola ndi Mozambique, ndipo gulu lankhondo la Serpa Pinto linamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire. Mipingo ya ku Scotland, imene inali ndi mishoni ku Blantyre ndi Livingstonia, inaumiriza boma kuti lisalole derali kugwa m'manja mwa Portugal. Pa 11 January 1890 Salisbury analamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo Portugal inagonja. Chaka chomwecho anagwirizana ndi Germany kuti malire akumpoto atsate mtsinje wa Songwe ndi gombe la nyanja, pangano limene Malawi amatchula mpaka lero akamakangana ndi Tanzania za nyanjayo. Mu 1891 dziko lino linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo pangano lina ndi Portugal linakhazikitsa malire ndi Mozambique.

Zotsatira zake timaziona ndi maso. Munthu akamayenda pamsewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza, m'malo ena mbali imodzi ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, pamene anthu ake ndi apachibale olankhula chinenero chimodzi. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsalira ku Britain chifukwa cha mishoni ya Anglican, ngakhale zili pafupi ndi gombe la Mozambique. Mafumu a Achewa, Angoni ndi Ayao sanaitanidwe pa zokambiranazo. Salisbury mwiniwake anachitapo nthabwala poyera kuti iye ndi anzake ankagawana mapiri ndi mitsinje osadziwa bwinobwino pamene zili.

Kunyumba anali munthu wachete, wokonda kuwerenga ndi kuyesa za sayansi, ndipo Hatfield House inali imodzi mwa nyumba zoyambirira ku England kukhala ndi magetsi. Ankavutikanso kuzindikira nkhope za anthu, ngakhale za nduna zake zomwe. Ulamuliro wake unatha mu 1902, nkhondo ya ku South Africa itangotha, ndipo anamwalira pa 22 August 1903. Mzinda wa Harare unkatchedwa Salisbury pomulemekeza mpaka 1982.

Ena amati anapulumutsa dziko lino ku ulamuliro wa Apwitikizi, ena amati anangolisamutsira m'manja mwa atsamunda ena. Zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Chithunzi chake chimaonetsa nkhalamba yofatsa itakhala phee, koma anthu amene anawagamulira tsogolo sanawaonepo, ndipo ambiri a iwo palibe amene anawajambula.