Josef Bican

Josef Bican (25 Seputembala 1913 – 12 Disembala 2001), yemwe ambiri ankamutchula kuti Pepi, anali katswiri wa mpira wamiyendo komanso mphunzitsi wa ku Czechoslovakia. Ankasewera kutsogolo, ndipo ndi mmodzi mwa osewera omwe anagoletsa zigoli zambiri m'mbiri ya masewerowa.

Ubwana wake

Bican anabadwira mumzinda wa Vienna, ku Austria, m'banja losauka la Achicheki. Bambo ake, František, ankasewera mpira mu timu ya Hertha Vienna. Iwo anamwalira mu 1921 atavulala impso m'bwalo la masewero, ndipo mayi ake, Ludmila, analera ana pogwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Chifukwa chosowa nsapato, Bican anaphunzira mpira wopanda nsapato, zomwe zinamuthandiza kudziwa kuwongolera mpira ndi miyendo yonse iwiri.

Ku Austria

Mu 1931 analowa timu ya Rapid Vienna, ndipo mu 1935 anapita ku Admira. Anapambana ligi ya dzikolo ndi matimu onse awiriwa. Mu 1934 anasewera m'timu ya dziko la Austria pa mpikisano wa World Cup ku Italy. Anagoletsa chigoli pomwe Austria inagonjetsa France 3–2, koma timuyi inatuluka m'ndime ya semifainolo itagonja 1–0 kwa Italy.

Ku Slavia Prague

Mu 1937 Bican anasamukira ku Slavia Prague, komwe anatchuka kwambiri. Mu 1938 anathandiza timuyi kutenga chikho cha Mitropa. Chaka chomwecho analephera kupita ku World Cup ndi timu ya Czechoslovakia chifukwa zikalata zake zokhala nzika zinachedwa kutuluka. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, Slavia inapambana ligi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1940 mpaka 1943, ndipo Bican ndiye ankatsogola pa zigoli chaka ndi chaka. Nkhondoyi inachititsa kuti World Cup isachitike mu 1942 ndi 1946, zaka zomwe iye anali pachimake.

Mavuto ndi boma

Chipani cha chikomyunizimu chitatenga boma mu 1948, Bican anakana kulowa chipanicho. Anachoka ku Slavia n'kukasewera ku Vítkovice, kenaka ku Hradec Králové. Mu 1953 akuluakulu a chipani anamuthamangitsa mumzindawo, ndipo anabwerera ku Slavia, yomwe pa nthawiyo inkatchedwa Dynamo Prague. Anasiya kusewera mu 1955 ali ndi zaka 42.

Uphunzitsi

Bican anayamba kuphunzitsa mpira ku Slavia akadali wosewera. Pambuyo pake anaphunzitsa matimu a ku Liberec, Brno, Příbram, Hradec Králové ndi Kladno, koma boma silinamupatse mpata wofanana ndi mbiri yake. Nthawi ina ankapeza chakudya pogwira ntchito zamanja. Kuyambira 1969 mpaka 1972 analoledwa kukaphunzitsa timu ya Tongeren ku Belgium, ndipo anaikweza kuchoka mu ligi yachinayi kufika mu ligi yachiwiri.

Imfa ndi chikumbutso

Ulamuliro wa chikomyunizimu utatha mu 1989, Bican anayambanso kulandira ulemu m'dziko lake. Bungwe la IFFHS linamupatsa mphotho monga wogoletsa zigoli woposa onse m'zaka za m'ma 1900. Kwa nthawi yaitali chiwerengero cha zigoli zake m'masewero ovomerezeka chinkaikidwa pa 805, ndipo Cristiano Ronaldo anachipitirira mu Malichi 2022. Bungwe la mpira ku Czech Republic limati zigolizo zinali 821.

Bican anamwalira ku Prague ali ndi zaka 88, ndipo anaikidwa m'manda a Vyšehrad, momwe mumagona anthu otchuka a dzikolo.